Kodi tsankho lili pati pa chilango cha imfa ku America?

Sabata yatha owerenga wina wa ku Mzuzu ananditumizira imelo yofunsa kuti: "Ndimamva kuti ku America akuda ndi ambiri pakati pa anthu odikira kunyongedwa. Koma si chifukwa choti iwowo ndiwo amapha anthu kwambiri? Tsankho lili pati pamenepa?"

Achimwene, funso lanu ndi lomveka, ndipo ambiri amalifunsa chamumtima. N'zoona kuti akuda ndi pafupifupi 13 pa anthu 100 alionse a ku America, pomwe pa odikira chilango cha imfa ndi pafupifupi 4 pa 10 alionse. Komabe ndikuvomera kuti nambala imeneyi payokha singakukhutiritseni. Tsono tiyeni tisiye kaye khungu la wakupha, tiyang'ane khungu la wophedwa.

Pulofesa wina wa malamulo, David Baldus, pamodzi ndi anzake, anafukula milandu yakupha yoposa 2,000 ya m'chigawo cha Georgia, ya m'zaka za m'ma 1970. Anapeza kuti wakuda akapha mzungu, milandu 22 pa 100 inkathera ku chilango cha imfa. Wakuda yemweyo akapha wakuda mnzake, unali mlandu 1 wokha pa 100. Mwina munganene kuti milandu ya azunguyo inali yankhanza kwambiri. Baldus anaganiziranso zimenezo: anachotsa mphamvu ya zinthu 39 zosakhudza mtundu, monga kaphedwe ndi mbiri ya wolakwayo. Zotsatira zake zinali zoti wopha mzungu anali pa chiopsezo chopatsidwa imfa ka 4.3 kuposa wopha wakuda. Apa nkhani yoti "ndani amapha kwambiri" siikugwiranso ntchito, chifukwa onsewa ndi opha. Chosiyana ndi mtengo umene khoti linkaika pa mwazi umene wakhetsedwa.

Kafukufukuyu anafika ku Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri la America, pa mlandu wa Warren McCleskey, wakuda amene anaweruzidwa kuti anapha wapolisi wachizungu pomwe iye ndi anzake ankaba m'sitolo ya mipando ku Atlanta mu 1978. Mu 1987 oweruza 5 mwa 9 anati ngakhale titavomera kuti nambalazo n'zoona, McCleskey ayenera kuonetsa kuti pa mlandu wakewo panali munthu amene anamusala mwadala. Koma ndi loya woimira boma uti amene angalembe pa pepala kuti "ndikufuna afe chifukwa wapha mzungu"? Woweruza Lewis Powell, amene analemba chigamulocho, atapuma pa ntchito anafunsidwa ngati pali voti imene angaisinthe, ndipo anatchula mlandu umenewu. McCleskey anaphedwa pa mpando wamagetsi mu 1991. Zimandiwawa kwambiri kuti voti imodzi yokha ndiyo inalekanitsa moyo ndi imfa, ndipo mwini votiyo anadzadandaula nayo madzi atafika kale m'khosi.

Nanga tsankholi limalowera khomo liti? Loyamba ndi la woimira boma pa mlandu, chifukwa ndiye amasankha kupempha imfa kapena ndende. Ku Georgia kuja, ankapempha imfa pa milandu 70 pa 100 ya wakuda wopha mzungu, koma 15 yokha pa 100 ya wakuda wopha wakuda. Khomo lachiwiri ndi la jury, gulu la anthu wamba 12 limene limagamula mlandu. Maloya a mbali zonse amaloledwa kukana anthu angapo kuti asalowe m'gululi popanda kupereka chifukwa. Supreme Court inaletsa mu 1986 kukana munthu chifukwa cha khungu, koma chifukwa chonamizira sichisowa.

Taonani za Curtis Flowers, wakuda wa m'chigawo cha Mississippi. Anamangidwa mu 1997 pomuganizira kuti anapha anthu 4 m'sitolo m'tauni ya Winona. Woimira boma mmodzi yemweyo, Doug Evans, anamuzenga mlandu womwewo ka 6. Kanayi anaweruzidwa kuti afe, ndipo makhoti aakulu ankagwetsa zigamulozo; kawiri jury inalephera kugwirizana. Supreme Court itawerengera mu 2019, inapeza kuti pa akuda 42 amene akanalowa mu jury pa milandu yonseyo, Evans anakana 41. Pa mlandu womaliza, akuda 5 amene anawakana anawapanikiza ndi mafunso 145, pomwe azungu 11 amene analowa mu jury anafunsidwa mafunso 12 onse pamodzi. Ganizirani munthu atakhala pa benchi, kufunsidwa mafunso pafupifupi 30 pofuna kungomupezera chifukwa, mnzake wa pambali akudutsa ndi funso limodzi.

Ndikudziwa kuti mabanja a anthu 4 aja nawonso analira, ndipo sindikupeputsa maliro awo, achimwene. Koma zaka zonsezi boma linakakamira munthu mmodzi ndi jury yosankhidwa mokondera, ndipo chilungamo chimene iwo ankadikira sichinabwere. Flowers anatuluka pa belo mu December 2019, ndipo boma linathetsa mlanduwo mu September 2020. Analowa m'ndende ali ndi zaka 26, anatuluka ali ndi zaka 49.