Kodi n'zoona kuti njovu zimaopa njuchi?

Funso limeneli landipeza kangapo kuchokera kwa alimi olima m'mphepete mwa nkhalango za Kasungu ndi Liwonde. Bambo wina anandifunsa motere: "Alangizi, chinyama chozula mtengo ndi mizu yomwe chingathawe kachilombo kochepa ngati njere ya chimanga? Kapena mukungotitonthoza?"

Bambo, sindikukutonthozani ayi. Zimenezi zinafufuzidwa ku Kenya. Mu 2002, akatswiri ofufuza Fritz Vollrath ndi Iain Douglas-Hamilton anaona kuti njovu zimalambalala mitengo imene apachikamo ming'oma. Kenako Lucy King, wa bungwe la Save the Elephants, anajambula phokoso la njuchi zolusa n'kukaliza pafupi ndi njovu zimene zinali kupuma pamthunzi ku Samburu. Mwa mabanja 17 a njovu, 16 anachoka pamalopo pasanathe masekondi 80. Zotsatirazi zinatuluka mu 2007. Pambuyo pake anapezanso kuti njovu zikamathawa njuchi zimapukusa mitu, kudzithira fumbi, ndipo zimalira mwapansipansi pochenjeza zinzake. Chikopa cha njovu n'chochindikala ndithu, koma kuzungulira maso, kuseri kwa makutu ndi m'kati mwa chitamba n'kofewa. Njuchi zikalowa m'chitamba, njovuyo siiwala. N'chifukwa chake mpanda wa ming'oma wozungulira munda umathandiza kuletsa njovu.

"Nanga mpandawo umamangidwa bwanji?"

Apa mvetsetsani bwino, chifukwa ambiri amalakwitsa pongoika ming'oma pansi m'ngodya za munda. Mng'oma uliwonse umapachikidwa pakati pa mitengo iwiri yokumbiridwa zolimba, kuti uzilendewera, ndipo pamwamba pake mumaika kadenga ka udzu koteteza ku dzuwa ndi mvula. Mumasiya mamita 10 kuchoka pa mng'oma wina kufika pa unzake, n'kulumikiza yonse ndi waya mmodzi wopanda minga. Njovu ikafuna kudutsa imakankha wayayo ndi chifuwa, ming'oma n'kugwedezeka, njuchi n'kutuluka. Pofuna kuchepetsa ndalama, ku Kenya amasinthanitsa: mng'oma weniweni, kenako thabwa longofanana ndi mng'oma, kenako weniweni. Pa ekala imodzi pamalowa ming'oma yeniyeni pafupifupi 12 ndi yonamizira 12. Wayayo musaukulunge mothina pamitengo. Ukoledwe pa ngowe yoti njovu ikakankha mwamphamvu uzingomasuka, osagwetsa mpanda wonse.

Mayi wina anafunsa funso limene ndinalikonda kwambiri: "Njovu zimabwera usiku, njuchi zili mtulo. Ndiye phindu lake n'chiyani?" Mayi, mwaona bwino. Usiku wozizira njuchi siziuluka kwenikweni. Komabe mng'oma ukagwedezeka zimalira m'katimo, zina zimatuluka, ndipo njovu imamva fungo la njuchi ili patali. Yomwe inalumidwapo siyembekeza kuti ione ngati zadzuka.

Tsono ndikuuzeni mbali imene sindifuna kukubisirani. Mpandawu suletsa njovu zonse. Ku Sagalla, pafupi ndi nkhalango ya Tsavo ku Kenya komweko, kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti mwa njovu 10 zilizonse zofika pampanda, pafupifupi 8 zinkabwerera. Zotsalazo zinkalowa. Ndipo chilala chikavuta, maluwa ndi madzi zikasowa, njuchi zimasamuka, mphamvu ya mpanda n'kutsika. Njovu ndi nyama yochenjera: ikayesa kangapo n'kupeza kuti ming'omayo ndi zigoba chabe, imasiya kuiopa.

Choncho amene akumanga mpandawu adziwe kuti wayamba ulimi wa njuchi. Pakani phula m'kati mwa ming'oma kuti njuchi zilowe msanga. M'chilimwe ikani madzi m'kabeseni, muponyemo timitengo kapena timiyala kuti njuchi zisamire. Pakani girisi m'mawaya opachikira kuti nyerere zisakwere, ndipo zingirizani malata pamitengoyo chifukwa chiuli akalawa uchi amabweranso. Lambulani udzu pansi pa mpanda nyengo ya moto isanafike. Mankhwala ophera mbozi m'chimanga amaphanso njuchi, ndiye ngati mukuyenera kupopera, poperani madzulo njuchi zitabwerera. Ming'oma ikhale kutali ndi khola, chitsime ndi njira ya ana asukulu, pakuti njuchi zathu zino n'zaukali.

Amene mwafunsa ngati tsabola amathamangitsa njovu, inde amathandiza. Sinjani tsabola wowawa, sakanizani ndi ndowe, umbani ngati njerwa, zikauma muziyatsa usiku kumbali yochokera mphepo kuti utsi uzipita kumene njovu zimalowera. Ming'oma ikhale kutali ndi utsiwo. Vuto la tsabola n'lakuti mvula ndi mphepo zimamugonjetsa, ndiye ine ndimamuona ngati wothandizira pamene ming'oma ina isanalowe njuchi.

Ming'oma 12 ndi yokwera mtengo kwa banja limodzi, ndikudziwa. Gwirizanani oyandikana minda, muyambe ndi mbali imene njovu zimatulukira, uchi woyamba mugulitse kuti mugule ming'oma ina. Ndipo njovu ikalowa ndithu m'munda, chonde musaithamangire ndi miyala kapena agalu, makamaka ikakhala ndi mwana. Dziwitsani amfumu ndi asilikali a zanyama zakutchire usiku womwewo, ndipo m'mawa mukawaonetse pamene yadutsira kuti tikawonjezere ming'oma pamenepo.