Hatchi yatuluka kamfuno: kodi chamwamba ndi malambe zingathandize?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene anagwirapo ntchito m'makola a mahatchi ampikisano ku Johannesburg, ndipo pano akusamala mahatchi pa famu ina kunja kwa Blantyre kuno. Akuti hatchi yawo ina, yomwe kale inkathamanga mipikisano, yatuluka magazi m'mphuno kawiri itangothamanga kwambiri. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndiipatse ufa wa chamwamba, malambe kapena adyo? Nanga mabotolo a mankhwala achilengedwe aja amagulitsa pa intaneti, alipo ogwira?"

Bambo, zikomo polemba. Ndiyambe ndi mawu amene mwina simuwakonda: pa zakudya zowonjezera zonse zimene zimagulitsidwa chifukwa cha vutoli, palibe chimene chili ndi umboni wolimba woti chimaletsa magaziwo.

Magazi mwawaonawo, ngati abwera itathamanga, kawirikawiri sachokera m'mphuno ayi. Amachokera m'mapapo, makamaka chakumbuyo cha kumsana. Vutoli madokotala a ziweto amalitchula mwachidule kuti EIPH, kutanthauza kutuluka magazi m'mapapo chifukwa chothamanga. Hatchi ikamathamanga ndi mphamvu zake zonse mtima umagunda kopitirira ka 200 pa mphindi, ndipo mphamvu ya magazi olowa m'mapapo imakwera katatu kapena kanayi. Nthawi yomweyo hatchiyo ikukoka mpweya mwamphamvu kudzera m'mphuno mokha, poti siyipumira kukamwa. Timitsempha ta m'mapapo n'topyapyala zedi. Magazi akukankha mkati, mpweya ukukoka kunja, timitsemphato timangophulika, ngati payipi yakale madzi akabwera ndi ukali usiku. Choncho si kuti magazi ake sagwirana, kapena kuti ikusowa vitamini K. Apa ndi pamene ogulitsa mabotolo ambiri amatinamiza.

Mahatchi ampikisano oposa theka amapezeka ndi magazi pakhosi akawaunika ndi kakamera atangothamanga, koma otuluka kamfuno woonekera ndi ochepa kwambiri. Yanuyo ikafika poonetsa kunja kawiri, ndiye kuti nkhani yakula ndithu. Vutoli ndi lakale. Ku England m'zaka za m'ma 1700 kunali hatchi yotchedwa Bleeding Childers yomwe sinapikisane n'komwe chifukwa cha kamfuno, koma m'mbumba yake ndi mmene munatuluka Eclipse, hatchi yampikisano yotchuka zedi.

Tsopano za mankhwala. Mu 2015 bungwe la madokotala a ziweto la ku America la ACVIM linaunika kafukufuku yense amene analipo. Vitamini C ndi ma bioflavonoid, opezeka m'zipatso ngati malalanje, sanaonetse phindu. Zitsamba za ku China, monga Yunnan Baiyao, anaziyesa ku Kansas State University ndipo sizinachepetse magazi. Mafuta a omega-3 anaonetsako kachiyembekezo, koma pa mahatchi owerengeka chabe. Ine sindikukuletsani kuthira timafuta ta linseed m'chakudya, ubweya umasalala bwino, kungoti musayembekezere zodabwitsa.

Chamwamba ndi malambe ndi chakudya chabwino, nanenso phala la malambe sindilisiya. Koma vitamini C hatchi imadzipangira yokha m'chiwindi. Adyo ndiye samalani naye: akachuluka amawononga magazi a hatchi mpaka kuifoola. Ndipo ngati tsiku lina idzapikisane, dziwani kuti zitsamba ngati valerian ndi devil's claw zimagwidwa poyeza ngati mankhwala oletsedwa, ngakhale pa botolo palembedwe kuti n'zachilengedwe.

Wokhala ndi umboni weniweni ndi jakisoni wa furosemide, amene ku makola mumamudziwa kuti Lasix. Anamuyesa pa mahatchi 167 pa bwalo la Vaal ku South Africa komweko, zotsatira n'kutuluka mu 2009: amachepetsa magaziwo koma sawathetsa. Amakodzetsa hatchi kwambiri, ndipo ku South Africa ndi woletsedwa pa tsiku la mpikisano. Ameneyu ndi wa dokotala, osati wokagula nokha mu Limbe n'kubaya.

Ndikanakhala inu, ndalama ya mabotoloyo ndikanaitanira dokotala wa ziweto. Aunike pakhosi pasanathe maola awiri itathamanga, chifukwa kamfuno ali ndi magwero enanso. Akamatuluka hatchi ili chiimire osathamanga, pangakhale nthenda ina ya kukhosi yomwe imatha kupha msanga. Kukabwera thovu m'mphuno ndi kutentha thupi, makamaka nyengo ya mvula, ganizirani nthenda yoopsa ya mahatchi yotchedwa African horse sickness ndipo musagone.

Kenako ipumitseni milungu ingapo, izingoyenda pang'onopang'ono. Ku Joni mukudziwa kuti yotuluka kamfuno pa mpikisano amaiimitsa miyezi itatu. Lowaninso m'kholamo m'mawa dzuwa likulowa pa zenera, mugwedeze mtolo wa udzu wouma, muone fumbi limene likuuluka. Fumbi lotero limakafika m'mapapo ovulala kalewo. Nyowetsani udzu musanaipatse, muuike pansi kuti izidya mutu uli wozyolika, madeya awazidwe madzi, ndipo posesa iziyamba yatuluka panja. Udzu wochita nkhungu tayani, ngakhale abwana adandaule mtengo.

Chinanso, kafukufuku anaonetsa kuti vutoli limakula kunja kukazizira. M'mawa wa chiperoni mu June ndi July, nkhungu itakuta Soche ndi Ndirande, si nthawi yoiyesa liwiro. Mukaonana ndi dokotala mundilemberenso, ndimve kuti wapeza giredi yanji ya kuchuluka kwa magaziwo pakati pa 0 ndi 4.