Funsani Dokotala: Mwana anakomoka atabayidwa katemera wa chikuku

Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi miyezi 10. Mwezi watha anabayidwa katemera wa chikuku kusikelo. Patatha masiku 8 anatentha thupi usiku, kenaka anauma gwa, maso anatembenuka, n'kuyamba kuphupha kwa mphindi ngati ziwiri. Tinamumwetsa Panado ndi LA amene anatsala pomwe mchimwene wake ankadwala, ndipo anachira. Kuchipatala sitinapite. Apongozi anga akuti katemerayo wamulowetsa khunyu m'mutu, moti andiletsa kupitanso naye kusikelo. Kodi ndi akatemera ati amene amawononga ubongo?

Mayi wodandaula, Bangwe

Mayi, mwafunsa za akatemera, koma ndikuona kuti chokusowetsani tulo n'china. Mukudziimba mlandu kuti munamubereka nokha kumbuyo kukamubayitsa, ndipo mukuopa kuti mwina sadzakula ngati anzake. Simunalakwe. Ngati zinachitikadi monga mwafotokozeramu, mwana wotere nthawi zambiri amakula bwinobwino, nzeru zake zili zonse.

Zimene munaonazo zikufanana ndi kukomoka kobwera ndi kutentha thupi. Ubongo wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 umakhala usanakhwime, ndiye thupi likatentha umatha kusokonezeka kwa kanthawi. Zimachitikira ana awiri mpaka asanu mwa ana 100 alionse, ndipo chotenthetsa thupicho chimatha kukhala chimfine, khutu kapena malungo. Khunyu ndi nkhani ina: munthu amagwa mobwerezabwereza, thupi lisanatenthe n'komwe.

Sindikubisirani, katemera amatha kutenthetsa thupi mpaka mwana kukomoka. Wa chikuku ndi mmodzi mwa akatemera okhala ndi kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa, monganso BCG wa pamkono uja, madontho a poliyo ndi a rota (oteteza kutsegula m'mimba). Kachilomboko kamayenera kuswana kaye pang'ono kuti thupi likadziwe, n'chifukwa chake kutentha kwake kumachedwa, kumabwera pakati pa tsiku la 6 ndi la 12. Masiku 8 anuwo akugwera momwemo. Mwa ana 3,000 kapena 4,000 obayidwa, amene amakomoka chotere ndi mmodzi, ndipo sikumusiyira chilema.

Akatemera enawo mulibe chamoyo. Wa pantchafu wa pa masabata 6, 10 ndi 14, amene anamwino amangomutchula kuti Penta, muli tizilombo takufa ta chifuwa chokoka mtima, tizidutswa ta tizilombo tina, ndi poizoni wa kafumbata wophedwa mphamvu. Ameneyu akafuna kuvuta amavuta tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake: thupi kutentha, ntchafu kutupa, mwana kulira osatonthola, ndipo mwa apo ndi apo kulefuka ngati wakomoka. N'zoopsa kuziona, koma zimatha. Wa chibayo ndi wa tayifodi nawonso ndi a tizidutswa. Wa tayifodiyu anayesedwa konkuno, pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, asanayambe kuperekedwa m'dziko lonse mu 2023.

Kuwononga minyewa kwenikweni kulipo, koma n'kosowa zedi. Madontho a poliyo amatha kupuwalitsa mwana mmodzi pa madontho operekedwa maulendo oposa mamiliyoni awiri, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene anawonjezera katemera wa poliyo wobaya pa masabata 14. Ku United States mu 1976, katemera wina wa chimfine anafooketsa miyendo ndi manja munthu pafupifupi mmodzi mwa 100,000, matenda otchedwa Guillain-Barré. Zimenezi zinadziwika chifukwa anthu ankanena kuchipatala. Ongokhala nazo kunyumba sathandiza aliyense.

Tsono za apongozi anuwo. Musawanyoze, akulankhula chifukwa chomukonda mdzukulu wawo, ndipo si okhawo. Ndimawamva mawu amenewa pafupipafupi: "Anali bwinobwino mwanayu, zinayamba atamubaya." Taganizani kuti mwana amapita kangati kusikelo asanakwane zaka ziwiri. Pafupifupi mwezi uliwonse. Ndi m'zaka zomwezonso mmene khunyu, kuchedwa kukhala pansi, kusamva ndi mavuto ena amene mwana anabadwa nawo amayamba kuonekera. Ndiye tsiku lililonse limene vuto lingatulukire, mukayang'ana m'mbuyo mupeza jakisoni pafupi. Zili ngati nkhani ya mango: amapsa nthawi imene malungo achuluka, ndipo mpaka lero alipo amene amati mango ndiwo amadwalitsa, udzudzu wa m'dzinja n'kupulumuka mlandu.

Zimene zimasiyira ana athu khunyu timazidziwa. Ndi malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kubanika pobadwa, kuvulala mutu. Chikuku chenichenicho chimatupitsa ubongo wa mwana mmodzi mwa 1,000 odwala, ndipo ena amatsala osamva kapena osaona. Mu 2010 chinagwira anthu oposa 134,000 m'Malawi muno, oposa 300 anamwalira. Katemera wa Penta atayamba mu 2002, mtundu umodzi wa matenda oumitsa khosi umene unkagonetsa ana ambiri ku Gulupu (chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre) unachepa kwambiri. Ndipo poliyo amene tinkamuyesa watha anapezeka mwa mwana wa ku Lilongwe mu 2022. Apongozi akufuna kuteteza mutu wa mwana, koma njira imene asankhayo ikuusiya pambalambanda.

Pali chimene chandidetsa nkhawa kuposa katemerayo. Mwana anakomoka thupi likutentha, inu n'kugona naye m'nyumba. Ndikudziwa kuti usiku mayendedwe amavuta, koma kunja kunacha, ndipo chipatala cha Bangwe sichili kutali. Kuno kwathu mwana wotentha thupi akakomoka, timayamba taganiza malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi. Katemera timamuganizira pomalizira, zinazo titazitsimikiza kuti palibe. Kuyeza malungo pachala kumangotenga mphindi 20. Munachita mwayi, pakuti ana ena amene makolo awo anati "ndi katemera chabe, zitha" amafika nawo atakomokeratu.

Nanga LA ameneyu anatsala bwanji? Ndiye kuti mchimwene wakeyo sanamalize mankhwala ake. LA amaperekedwa poona sikelo ya mwana, kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, magazi atayezedwa. Mapiritsi otsalira pawindo samaliza malungo, amangowaphimba, ndipo lero sitingadziwenso ngati usiku ujawo anali malungo kapena ayi.

Pitani naye sabata ino, ngakhale akusewera. Tengani kabuku kake ka kusikelo. Mukawauze tsiku limene anabayidwa, tsiku limene anakomoka, mphindi zimene kukomokako kunatenga, ngati ankaphupha thupi lonse kapena mbali imodzi, ngati zinabwereza usiku womwewo, ndiponso ngati kubanja kwanu kapena kwa bambo ake alipo anachitapo zotere ali mwana. Muneneponso ngati pali chimene ankatha kuchita koma wasiya, monga kukhala yekha, kukwawa kapena kutembenuka akamva dzina lake. Azaumoyo ali ndi fomu yolembapo zovuta zobwera pambuyo pa katemera, apempheni alembe. Akaona chokayikitsa akutumizani ku Gulupu. Apongozi apite nawo ulendo umenewu, akafunse okha. Mawu omwewa akawamva kwa namwino adzalemera kusiyana n'kuwamva kwa mpongozi.

Katemera wachiwiri wa chikuku, wa pa miyezi 15, adzabayidwe. Kukomoka kwa kutentha thupi si chifukwa chomulumphira. Chimene chimatiletsa kubwereza ndi mwana amene anatupa nkhope ndi kubanika atangobayidwa, kapena amene chitetezo chake chatsika kwambiri. Akamubaya musathamangire minibasi, khalani kaye pabenchi kwa mphindi 15 kapena kuposerapo, ndipo muwerenge masiku kuti sabata yotsatirayo mudzakhale tcheru.

Mwa ana atatu amene anakomokapo chotere, mmodzi zimamubwereranso thupi likadzatentha, katemera kapena popanda katemera, ndipo Panado amangoziziritsa thupi, saletsa kukomoka. Zikadzachitika, mugonekeni chammbali pamphasa, kutali ndi mbaula. Osamuika supuni kapena chala m'kamwa, osamumwetsa chilichonse, osamufukiza utsi. Thovu lake silipatsirana, mugwireni osaopa. Yang'anani nthawi pafoni, ndipo wina ajambule kavidiyo kodzationetsa. Zikafika mphindi 5 asanasiye, nyamukani pompo, kaya ndi pakati pa usiku. Zikasiya msanga, mupitebe tsiku lomwelo akamuyeze magazi.