Nyama yokhayokha kapena kuchepetsa sitachi: chimene chimagonjetsa njala n'chiti?

FUNSO: Akonzi, ndine mayi wa zaka za m'ma 40 ndipo thupi langa likungokulirakulira. Vuto langa ndi njala, chifukwa ndikadya sipapita nthawi yaitali ndisanayambe kufunanso chakudya. Mnzanga wina anasiya shuga, buledi ndi mpunga koma amadya masamba, pamene wina amangodya nyama, mazira ndi nsomba basi, ndipo onse awiri akuti njala sikuwavutanso. Kodi njira yabwino ndi iti, nanga ndingatani kuti ndizikhuta popanda kudya mopitirira muyeso? Ine wowerenga wanu.

YANKHO: Mayi, anzanu awiriwa akunena zoona, koma zimene zikuwathandiza n'zosiyana pang'ono ndi zimene iwo akuganiza. Munthu amene wachepetsa sitachi ndi shuga nthawi zambiri amadya magalamu osapitirira 130 a sitachi ndi shuga wopezeka m'zakudya zake patsiku, ndipo akatsika kufika pakati pa 20 ndi 50, chiwindi chimayamba kusandutsa mafuta kukhala timadzi totchedwa ketones, timene ubongo umagwiritsa ntchito m'malo mwa shuga. Wodya nyama yokhayokha amachita zomwezo, kungoti iye amachotseratu chilichonse chomera m'nthaka, ngakhale masamba, nyemba ndi zipatso.

Chachikulu chimene chimatontholetsa njala mwa onse awiri ndi mapuloteni, kapena kuti chakudya chomanga thupi. Chakudya chomanga thupi chimatsitsa homoni ya ghrelin, imene mimba imatulutsa pouza ubongo kuti nthawi yakudya yakwana, ndipo chimakweza mahomoni a GLP-1 ndi PYY, amene matumbo amatumiza pouza ubongo kuti munthu wakhuta. Ma ketones nawonso amachepetsa chilakolako cha chakudya mwa anthu ambiri. Komanso tisaiwale kuti munthu akasiya sitachi amasiyira limodzi mabisiketi, makeke ndi zakumwa zotsekemera, zinthu zimene zimadyeka msanga koma osakhalitsa m'mimba. Mu 2019 Kevin Hall wa ku bungwe lofufuza zaumoyo la National Institutes of Health ku America anagoneka anthu 20 m'chipatala n'kumawayeza chilichonse chimene ankadya, ndipo anapeza kuti pamene ankapatsidwa zakudya zopangidwa kwambiri m'mafakitale, ankadya makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 500 owonjezera patsiku.

Pa nyama yokhayokha palinso chinthu china chimene okonda njirayi sakonda kuchitchula. Chakudya chimodzimodzi chimakola. Munthu amene akuti wakhuta nyama amatha kupezabe malo a chipatso kapena keke, chifukwa kakomedwe katsopano kamadzutsanso chilakolako, ndipo katswiri wa kadyedwe Barbara Rolls anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1980. Choncho mnzanu wa nyamayo akudya zochepa, mwa zina, chifukwa chakuti palibenso chomukopa m'mbale mwake. Zimenezi zimathandiza kwa miyezi ingapo, koma ndi anthu ochepa kwambiri amene angapirire nazo kwa zaka.

Sitachi payokha si mdani wa kukhuta. Mu 1995 Susanna Holt wa pa yunivesite ya Sydney anayerekeza zakudya 38 za makalori ofanana, ndipo chimene chinakhutitsa anthu koposa zonse chinali mbatatesi yowiritsa, imene inaposa buledi woyera katatu ndi kupitirira, n'kuposanso nyama ya ng'ombe. Chifukwa chake n'chakuti chakudya chokhala ndi madzi ambiri chimadzaza mimba ndi makalori ochepa. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Stanford wa mu 2018, amene anatsatira anthu 609 kwa chaka chathunthu, anapeza kuti ochepetsa sitachi anataya makilogalamu 6, pomwe ochepetsa mafuta anataya makilogalamu 5.3, kusiyana kochepa kosati n'kudalira. Dziwaninso kuti kutsika kwa sikelo m'sabata yoyamba kumakhala makamaka madzi, pakuti galamu iliyonse ya shuga wosungidwa m'chiwindi ndi m'minofu imasunga magalamu atatu a madzi.

Umboni wa nyama yokhayokha ndi wochepa. Anthu amakonda kutchula Vilhjalmur Stefansson, wofufuza madera ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi, amene mu 1928 iye ndi mnzake anadya nyama yokha kwa chaka akuyang'aniridwa ndi madokotala a pa chipatala cha Bellevue ku New York, ndipo anamaliza ali bwino. Koma amenewa anali anthu awiri okha, ndipo Stefansson atapatsidwa nyama yopanda mafuta anadwala m'mimba m'masiku ochepa. Kafukufuku wa mu 2021 amene amatchulidwanso kawirikawiri anangofunsa anthu 2,029 amene anadzipereka okha kufotokoza mmene akumvera, ndipo amene njirayi inawakanika n'kuisiya msanga sanawerengedwe nawo.

Zoipa zake n'zodziwika bwino. Nyama ilibe faiba, mbali ya zakudya zomera imene sigayika m'mimba, pomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya magalamu 25 a faiba ndiponso magalamu 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Vitamini C imakhala yochepa, ndipo mafuta a nyama amakweza kolesitolo ya LDL, imene imatseka mitsempha ya magazi pang'onopang'ono munthu asakumva chilichonse. Mu 2015 nthambi ya WHO yofufuza za khansa inanena kuti nyama zokonzedwa ngati masoseji zimayambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo nyama yofiira n'kutheka kuti imateronso.

Ine ndikukulangizani njira ya mnzanu woyamba uja, ndipo musaifikitse patali. Pa chakudya chilichonse, makamaka cham'mawa, pakhale mazira, nsomba, nkhuku kapena nyemba zokwanira, masamba atenge theka la mbale, ndipo sitachi ikhalepo pang'ono, yosakonola kapena yowiritsa. Siyani shuga wa m'zakumwa poyamba, pakuti makalori akumwa sakhutitsa ngati otafuna. Idyani mosathamanga kuti uthenga wa m'matumbo ufike ku ubongo musanaonjezere, ndipo muzigona mokwanira, popeza kusowa tulo kumawonjezera nkhuli ya zotsekemera.

Popeza njala yanu imabwera pafupipafupi, kayezetseni shuga musanasinthe chilichonse, makamaka ngati mumamvanso ludzu ndi kukodza kawirikawiri. Ngati mumabaya insulin kapena kumwa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, dokotala ayenera kuonanso mlingo wake, chifukwa kuchepetsa sitachi mwadzidzidzi kungagwetse shuga m'thupi mpaka munthu kukomoka. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndiponso odwala impso asayambe njira iliyonse mwa ziwirizi asanaonane ndi dokotala.