Tayamba watembenuza chithunzicho

Mdzukulu wanga, uthenga wako wandipeza. Ukuti wapeza chithunzi chakale pansi pa sutikesi ya malemu agogo ako aakazi, chadyeka m'mbali, nkhope zayamba kufufutika. Ndiye ukufunsa ngati n'kulakwa kuchilowetsa mu foni kuti pulogalamu ija ichikonze, ichipake mitundu, mwinanso iwamwetulitse anthuwo poti onse angoti ndwii ngati ali pamaliro.

Palibe mlandu, mwana wanga. Akufa sakwiyira utoto. Kungoti ine ndimadikira funso lina. Wanena wekha kuti pachithunzipo pali anthu 7 ndipo wazindikirapo mmodzi. Nanga enawo ndani? Kodi unachitembenuza n'komwe kuti uone ngati kuseri kuli mawu?

Kwathu bambo anali ndi lamulo: chithunzi sichilowa m'buku chisanalembedwe kuseri. Ankakhala pansi ndi pensulo, n'kuyamba kumanzere kupita kumanja, dzina ndi dzina, chaka, komanso chimene chinatisonkhanitsa tsikulo. Ngakhale khanda la m'manja ankalilemba. Ine ndili wamng'ono ndinkaseka, amvekere, "Useka lero. Khandali lidzamera imvi, ndipo wolizindikira sadzapezeka." Bolopeni ankaikana ndithu, akuti imadinda pepala mpaka kutulukira kumaso, ndipo inki ikakumana ndi chinyezi imayenderera. Zolemba zawo za pensulo zija ndikuwerengabe mpaka lero, chikhalirecho eniakewo anapita kalekale.

Koma chimene chikundiwawa kwambiri si pensulo ayi. Ndi kutulutsa buku lija. Mlendo akafika, malonje akatha, mayi ankatuma mmodzi wa ife kuti akatenge buku la zithunzi kuchipinda. Osati kulithamangitsa, kulinyamula ndi manja awiri. Mlendo ankaliika pamiyendo, mayi pambali, ife ana pansi makosi tatalikitsa. Tsamba limodzi linkatha kudya theka la ola. "Awa ndi malume anu aja anatchona. Uyu wavala nsapato za mkulu wake, taonani mmene zamukulira. Awa musawaone kufatsa chonchi, anali ndi pakamwa." Mlendo naye ankatsutsa, kuti iyayi, chaka chimenecho mwanayu anali asanabadwe, mkangano buu, mpaka atembenuze chithunzi kuti pensulo ya bambo iweruze. Ife abale tinawadziwira pamenepo. Palibe anatikhazika pansi kuti lero tiphunzire za mtundu wathu, zinkangolowa zokha m'makutu.

Panalinso tsamba lina limene mayi ankalidumpha msangamsanga. Chinali chithunzi cha ukwati wa azakhali, koma pamene panayenera kukhala mutu wa mkwati panali bowo, lodulidwa bwinobwino ndi lezala. Suti ilipo, maluwa alipo, dzanja lagwira azakhali, mutu palibe. Tikafunsa ankangoti, "Ndi njenjete." Njenjete yodziwa kuzungulira khutu la munthu! Nkhani yake ndinadzaimva ndili ndi ana anga kale, ndipo sindiinena pano.

Za kusamwetulirazo, usawaone ngati anali anthu osakondwa. Nkhaniyi inayambira kutali. Pamene Louis Daguerre ankayesa makina ake ku Paris mu 1838, anajambula msewu wa Boulevard du Temple m'mawa, anthu ndi ngolo zili pikitipikiti. Chithunzi chitatuluka msewu unali mbee, ngati onse athawa. Makinawo ankafuna mphindi zingapo kuti agwire chinthu, ndiye chilichonse choyenda sichinaoneke. Anatsala ndi bambo wina pakona amene anaima malo amodzi akupukutitsa nsapato. Zaka zotsatira, ojambula ankaika chitsulo kuseri kwa khosi la munthu kuti mutu usagwedezeke. Tayesa kumwetulira chitsulo chili pankhongo, ukuwerenga chamumtima osaphethira. M'nthawi ya agogo ako makamera anali atafulumira kale, koma ulemu uja unatsalira. Kujambulitsa inali nkhani yaikulu, munthu ankasamba, kuvala za pansi pa sutikesi, n'kuima ngati akuonekera kwa akuluakulu. Mano ankaonetsa kwina, osati pamenepo.

Ndipo zithunzi zinali zowerengeka. Kamera ya Kodak imene George Eastman anatulutsa mu 1888 inkabwera ndi filimu ya zithunzi 100 m'kati, zikatha unkatumiza kamera yonseyo kufakitale yake ku Rochester, ku America, kuti akatsuke n'kukuikira filimu ina. Ife tinakulira filimu ya 24 kapena 36. Wojambula sankadina chisawawa. Unkadikira masiku kuti zitsukidwe, mtima uli m'mwamba, n'kupeza kuti unatsinzina. Chomwecho ankachisunga, bambo n'kulemba kuseri dzina lako, wotsinzina yemweyo.

Inu a lero zinakupepukirani. Ndinawerenga kuti kamera yoyamba ya digito, yopanda filimu, imene Steven Sasson anapanga ku Kodak komweko mu 1975, inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Pano m'masekondi omwewo mdzukulu wanga wa kunyumba kuno amajambula milomo yake kakhumi. Sindikudana nazo, nanenso ndimakondwa kuona ana a kutali. Koma chithunzi cha mu foni chilibe kuseri. Tsiku ndi ola foni imasunga, koma kuti wayimayo ndi mlamu wa ndani, ndipo n'chifukwa chiyani sakuyang'anana ndi mnzakeyo, siidziwa. Mukati mutionetse, chala chili pheru pheru, ndisanavale magalasi mwadutsa kale zithunzi zisanu, kenaka mwalanda foni kuopa kuti ndingaone zina. Foniyo ikagwera m'madzi, mwana yense kuyambira tsiku lobadwa wapita nayo.

Pulogalamu yakoyo ingoganizira. Diresi limene linali lobiriwira ilipaka lofiira, agogo ako iwapatsa mano a munthu wina, mwina anali ndi mpata kutsogolo umene aliyense ankawadziwira. Ngati ukufuna, panga, koma chenichenicho usachikhudze. Usachimate pulasitiki yotentha ija, usachipachike padzuwa, chiike mu envulopu pouma. Chijambule kumaso ndi kuseri komwe. Ukatero tenga pensulo, upite kwa wamkulu amene watsala kwanu, kaya ndi azakhali kaya ndi agogo ena. Usawatumizire pa WhatsApp, pita, uwapatse m'manja, ukhale pansi. Akayamba kulowera kwina, za mvula ya chaka chimenecho kapena za munthu amene sali pachithunzipo n'komwe, usawabweze. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayina amatulukira m'nkhani zokhotakhota zomwezo.

M'buku la bambo muli chithunzi chimodzi chokha chopanda mawu kuseri. Ndi mwamuna wamtali, wagwira njinga, chipewa chili m'manja, waima pafupi ndi mayi anga ngati wa m'nyumba. Mphuno yake ndi yangayi. Zaka zonse zija buku likutuluka ndinkati ndidzafunsa. Mmene ndinkafunsa n'kuti atatsala ndi azakhali okha, maso atachita khungu. Anachisisita ndi zala, n'kundibwezera. Adzukulu anga amangomutchula kuti agogo a njinga.