Tchire la ku Cape Town lomwe kwina kulibe

Wowerenga wina amene amagwira ntchito ya m'gadeni ku Cape Town wanditumizira imelo. Akuti abwana ake adamukalipira atazula tizitsamba tina kuseri kwa nyumba, n'kumuuza kuti timeneto sitimera kwina kulikonse padziko lapansi. Funso lake n'lakuti: kodi n'zoona, kapena n'zokonda azungu chabe?

Achimwene, tizitsamba tanuto sindidatione, koma nkhani ya abwanawo ili ndi mutu. Mtunda umene mukukhalawo, wolowa m'nyanja kuchokera ku Table Mountain kukafika ku Cape Point, ndi wa makilomita pafupifupi 50 basi, koma uli ndi mitundu ya zomera yoposa 2,200. Mwa imeneyi, yoposa 150 imamera pomwepo pokha. Tchire lofupikalo, la masamba ang'onoang'ono olimba, amalitcha fynbos, ndipo mu 2004 bungwe la UNESCO lidaika derali m'gulu la malo ofunika kutetezedwa padziko lonse.

Chidachititsa n'chiyani? Dothi la kumeneko ndi lamchenga, losauka moti chimanga chingakukhumudwitseni. Mvula imagwa m'nyengo yozizira, cha mu Juni mpaka Ogasiti, pamene kwathu kuli gwa. Komanso kalekale chigwa cha Cape Flats chidamirapo m'nyanja, mapiriwo n'kutsala ngati chilumba. Zomera zimene zidapirira zonsezi zidasintha pazokha, chigwa chilichonse ndi mtundu wake.

Zinazo n'zodabwitsa. Mbewu za zomera zambiri za fynbos sizimera mpaka moto utadutsa, zina zimachita kudzutsidwa ndi utsi. Palinso zomwe nyerere zimanyamula n'kukazikwirira pansi, kumene moto sufika. Ndiye mukaona phiri likuyaka musati zonse zatha. Choopsa ndi moto wobwera pafupipafupi zomera zisanabereke, kapena woyaka m'mitengo yobwera monga paini ndi mitengo ina yochokera ku Australia, yomwe imatentha kwambiri komanso imamwa madzi a m'mitsinje.

Pa nyama, musanamizidwe ndi anyani a ku Cape Point kapena mapengwini, mbalame za m'nyanja zosauluka, a ku gombe la Boulders, amenewo aliponso kwina. Mwini dera weniweni ndi kachule kotchedwa Table Mountain ghost frog. Kamakhala m'timitsinje tochepa ta paphiripo, todutsa m'makwawa amthunzi. Ambululu ake ali ndi kamwa lomata pamwala kuti madzi othamanga asawakokolole, ndipo amatha chaka ndi kuposerapo asanasanduke achule. Mtsinje ukangophwa chilimwe chimodzi, m'badwo wonsewo wapita. Ine ndimaona kuti kachuleka n'kofunika kukadandaulira kuposa nyama zikuluzikulu zomwe alendo amajambula.

Kwa ife zimenezi si zachilendo. Mkungudza wa ku Mulanje nawo sumera mwachilengedwe kwina kulikonse, ndipo mukudziwa mmene macheka ndi moto zaumalizira. M'bale wake wa mtengowu, wofupikirapo, amamera pa Table Mountain pomwepo.

Tsono chochita: tsiku lopuma pitani ku Kirstenbosch, munda wa zomera womwe udakhazikitsidwa mu 1913 kutsinde kwa phirilo. Zomera zake zili ndi zikwangwani za mayina, mukazijambule pafoni. Mukaonenso silver tree, mtengo wa masamba aubweya onyezimira ngati siliva mphepo ikamawomba. Ndipo kuntchitoko, chomera chimene simukuchidziwa muziyamba mwafunsa musanachigwetsere khasu.