Kuyang'anira chitetezo cha chakudya: yankho kwa mtsikana wa Fomu 4

Mtsikana wina wa ku Chilomoni watumiza imelo. Akuti amakonda Chemistry, ndipo akufunsa zoti aphunzire kuti adzakhale woonetsetsa kuti chakudya chogulitsidwa sichikudwalitsa anthu, komanso ngati mkazi angaithe ntchitoyi.

Chemwali, pa MSCE limbikirani Chemistry, Biology ndi Masamu. Mukakhoza, pali Food Science and Technology ku LUANAR, Environmental Health ku MUBAS pa Chichiri pompa, kapena Chemistry ku UNIMA ku Zomba. Ntchito mudzaisaka ku Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili muno mu Blantyre, kumakhonsolo, ndi m'mafakitale a ku Makata ndi ku Limbe.

Koma dziwiranitu kuti ntchitoyi simathera mu labotale. Mutu wake ndi katengedwe ka sampulo. Taganizani za mtedza. Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amawononga chiwindi ndipo satha ngakhale mukazinge kapena kuwiritsa. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa atadya chimanga chokhala ndi poizoniyu. Kwathu kuno vuto limakula ndi chizolowezi chowaza madzi mtedza kuti uswedwe mosavuta, n'kuuthira m'matumba usanaumenso. Tsono poizoniyu safalikira mofanana: njere zochepa zowola zimatha kuipitsa thumba lonse la makilogalamu 50, pamene thumba loyandikana nalo lili bwinobwino. Ndiye simutapa pa thumba lapakhomo lomwe mwini katundu wakulozerani. Mumabaya matumba ambiri, apamwamba, apakati ndi apansi pa mulu, kusakaniza, kupera zonse, kenako n'kupatulako pang'ono poyeza. Codex, miyezo ya chakudya ya dziko lonse lapansi, imalola mamaikrogalamu 15 a aflatoxin (maikrogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu) pa kilogalamu mu mtedza wokakonzedwanso, pamene European Union imalola 4 okha mu mtedza wodya mwachindunji. Mukatapa molakwika, ngakhale makina okwera mtengo a mu labotale adzakunamizani.

Mkaka ndi nyama zimafuna bokosi la ayezi, zifike ku labotale tsiku lomwelo. Zikatentha panjira, tizilombo timaswana, ndipo mwini fakitale adzakana zotsatira zanu, ali ndi chifukwa chomveka. Lembani tsiku, nthawi, malo, nambala ya katundu ndi dzina la wolandira sampuloyo, osadalira kukumbukira.

Zoti ndinu mkazi zisakubwezeni m'mbuyo. Inde, pena mudzakumana ndi abambo okuderani, ena n'kukulonjezani ya fanta kuti mutsinzine. Chokutchinjirizani ndi zolemba zanu zosapotoka ndi kudziwa muyezo womwe mukuimira. Ndikunena izi motsindika chifukwa phala lansinjiro lomwe mungalilekerere amadzamwa ndi ana.

Muli pakoleji, pemphani kukaphunzira ntchito mu labotale yotsatira ISO 17025, muyezo wa dziko lonse lapansi wa malabotale oyeza zinthu, ndipo mukapeza mpata chitani maphunziro afupi a HACCP, njira yopezera ndi kuletsa zoopsa pokonza chakudya.